Amayi anga achotsedwa pa ndandanda ndipo ofesi ikukana kutionetsa fayilo yawo. Tikadandaule kuti?

Amake Tiyanjane: Abale, ndigawireni nzeru. Amayi anga ali kumudzi, ndi okalamba komanso amadwaladwala. Akhala akulandira ndalama za social cash transfer, zimene boma la Zambia limapereka kwa anthu ovutika, kwa zaka ndithu, koma pa malipiro apitawa dzina lawo silinatuluke. A komiti ya kumudzi akuti iwo sanawachotse, zachokera ku boma. Ndinawatenga amayi eni akewo, reji yawo (chitupa cha unzika) ili m'manja, mpaka ku ofesi. Sinditchula kuti ndi boma liti. Tinangopempha kuti ationetse zimene zinalembedwa m'fayilo yawo, tidziwe chimene chalakwika. Anatiuza kuti mafayilo ndi chinsinsi cha boma, munthu wamba saona. Potuluka ndinapeza ndandanda yakale idakali pa khoma la panja. Dzina la amayi lilipo, nambala ya reji, nambala ya foni, ndi mzere wonena kuti analowa ngati wodwala matenda a nthawi yaitali. Wina anaijambula kale n'kuiponya pa WhatsApp ya kumudzi. Mwini wake akumubisira, odutsa m'njira akuwerenga. Ndinamva pa wailesi za ofesi ya Public Protector. Kodi nkhani yotere amalandira?

A Banda a pa Kapata: Pepani amake Tiyanjane. Koma za maofesi a ku Lusaka izi mungotaya ndalama ya basi. Pitani kwa a kansala kapena aphungu, akaimba foni kamodzi dzina libwerera.

Mayi Sakala: A Banda, dzina likabwerera ndi foni ya aphungu, mawa likhoza kuchokanso ndipo ambuyawo sadzadziwabe chifukwa. Nanga ambuya ena amene alibe mwana m'tauni wodziwana ndi kansala? Amake Tiyanjane, inde amalandira. Ntchito ya Public Protector ndi yomweyo, kufufuza ofesi ya boma imene yachita zinthu mosalungama, yachedwetsa, yakana kupereka chifukwa, kapena yasiya kuchita chimene inayenera kuchita. Ofesiyi ili m'malamulo akuluakulu a dziko kuyambira pa kusintha kwa 2016, pa Article 243, ndipo ili ndi lamulo lakelake, Public Protector Act ya 2016. Kudandaula n'kwaulere, sipafunika loya, ndipo dandaulo lolembedwa likhoza kutumizidwa popanda inu kukwera basi. Kuchotsa munthu pa ndandanda osamuuza chifukwa ndi nkhani yawo ndithu.

Amake Tiyanjane: Zikomo mayi. Nanga za kukana fayilo ndi za pa khoma ndilembe m'kalata yomweyo?

Mayi Sakala: Lembani zonse, chifukwa zikuonetsa mmene ofesiyo inakugwirirani. Koma dziwani kuti za fayilo zili ndi khomo lake lina. Lamulo la Access to Information la 2023 linapereka udindo woyang'anira nkhani zopempha zikalata za boma kwa Human Rights Commission. Mukapempha ndipo akukanani, apilo imapita kumeneko. Ine ndikanayamba ndi kalata yopita ku ofesi yomwe inakukananiyo, yolembedwa m'dzina la amayi anu, yopempha zimene zili m'fayilo yawo ndi chifukwa chimene anachotsedwera. Pakamwa anakukanani mosavuta. Pa pepala munthu amayamba waganiza asanasaine kukana.

Wa M'kaundula: Ndilankhuleko monga munthu amene wagwira ntchito mu kaundula wa boma, ngakhale si ofesi imeneyo. Musatione ngati anthu oipa mtima. Tikamalowa ntchito timasaina zosunga chinsinsi, ndipo amatiopseza ndi State Security Act, lamulo la 1969. Kalaliki wamng'ono saphunzitsidwa kusiyanitsa chikalata cha chitetezo cha dziko ndi fomu ya ambuya a kumudzi. Chimene amadziwa n'chakuti palibe amene anachotsedwapo ntchito chifukwa chokana kuonetsa fayilo, koma woonetsa akhoza kulowa m'mavuto. Ndiye amakana. Chinanso, tinaonapo adzukulu akubwera kudzafunsa za ndalama za agogo awo, cholinga akalande. N'chifukwa chake wachibale akafika yekha timaumitsa khosi.

Amake Tiyanjane: Ndakumvani akulu, koma ine sindinapite ndekha. Amayi anali pa benchi pomwepo, reji ili m'manja, nkhope yawo ndi ya pa chithunzi ndi imodzi.

Wa M'kaundula: Pamenepo sindingawaikire kumbuyo. Mwini wake akabwera ndi reji, kumuuza chifukwa chimene wachotsedwera sikuulula chinsinsi cha munthu aliyense. Nthawi zambiri chifukwacho chimakhala chaching'ono: nambala ya reji inalembedwa molakwika, kapena dzina likufanana ndi la wina amene anamwalira, kapena pa kalembera watsopano sanawapeze pakhomo. Zotere zimakonzeka msanga ngati mwini wake waziona.

Mayi Sakala: Ndipo lamulo la Data Protection la 2021 limanena zomwezo. Munthu ali ndi ufulu woona zimene ofesi ikusunga zokhudza iye, ndi kuuza kuti akonze ngati n'zolakwika. Lamulo lomwelo limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kusamalidwa kwambiri. Choncho kumata pa khoma kuti wakutiwakuti ndi wodwala ndi nkhani ya Data Protection Commissioner. Ofesi ija inaphonya mbali zonse ziwiri.

A Jere a CWAC: Apa ndiye ndilowepo, chifukwa ine ndili mu CWAC, komiti ya kumudzi kwathu yoona za pulogalamuyi, ndipo za ndandanda ndimazidziwa. Musafulumire kunena kuti ndandanda zichoke pa khoma. Kale zinthu zikamachitikira m'chipinda, mumapeza mkazi wa wapampando ali pa ndandanda, mlamu wake alipo, wina anamwalira kalekale koma ndalama zikutulukabe. Chimene chinatithandiza n'kuwerenga maina pa msonkhano, mudzi wonse uli pomwepo ndi a mfumu. Munthu amaimirira n'kunena kuti uyu ali ndi ng'ombe ndi ngolo, walowa bwanji, pamene ambuya akutiakuti amagona ndi njala? Mukabisa maina chifukwa cha chinsinsi, akuba ndi amene asangalale. Za FISP, pulogalamu ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, n'chimodzimodzi, alimi a m'mphepo amagwidwa ndandanda ikaonekera.

Mayi Sakala: A Jere, sindikukana. Ndalama ndi za anthu onse, ndiye mudzi uli ndi ufulu wodziwa amene akulandira. Koma kuti mudzi ugwire dzina labodza ukufunika chiyani? Dzina ndi mudzi wake basi. Nambala ya reji ikuthandiza ndani pa khoma? Nambala ya foni? Matenda?

A Jere a CWAC: Za matenda ndikuvomera. Kwathu amayi ena anasiya kubwera ku misonkhano chifukwa anthu anayamba kunong'onezana kuti ndi matenda anji. Koma reji imathandiza. Kuno a Phiri ndi a Banda ndi ambiri, m'mudzi umodzi mumapeza a Tisauke Phiri atatu.

Dalitso: Amalume a Jere, akhoza kulemba manambala ochepa chabe a rejiyo, ena n'kuphimba, kapena kulemba chaka chobadwa. Anthu atatuwo asiyanitsidwa. Vuto la kuika zonse ndi akuba a pa foni. Munthu akakhala ndi dzina, reji ndi nambala, amaimba ngati wa ku ofesi, n'kunena kuti ambuya, ndalama zanu zatsekedwa, tiuzeni PIN tikutsegulireni. Ambuya akamva mlendo akutchula reji yawo yonse osalakwitsa amakhulupirira. Masiku ano SIM imalembetsedwa ndi reji, ndalama za pa foni zimayendera reji, ndiye nambala imeneyo si yomata pa khoma.

Amake Chikondi: Ndandanda imene akunenayo ndi iyi, inafika ndi kwa ine. Onani nokha mzere wachitatuwo.

Woyang'anira Gulu: Amake Chikondi, chithunzicho ndachichotsa. Ndikudziwa kuti mumafuna kuthandiza, koma muli maina ndi matenda a anthu amene sanatilole, ndipo gulu lino ndi lalikulu. Amene mwachisunga m'foni musachitumizenso kwina. Amake Tiyanjane okha asunge chawo ngati umboni wa dandaulo lawo.

Amake Chikondi: Ndamva, zikomo.

A Zulu, mphunzitsi wopuma: Ana anga, ine ndinaona ofesi imeneyi isanasinthe dzina. Inali Commission for Investigations, mkulu wake akutchedwa Investigator General, kuyambira m'zaka za m'ma 1970 nthawi ya a Kaunda. Nthawi imeneyo milandu inkamvedwa mobisa ndipo malipoti ankapita kwa Pulezidenti, ndiye anthu ambiri kuno kum'mawa sankadziwa n'komwe kuti iliko. Ine nditapuma ntchito fayilo yanga inasowa pa ofesi ina. Ndikapita akuti bwerani mawa, mwina akuti amene ali ndi makiyi wapita ku maliro. Ndalama zanga sizikanatuluka popanda fayiloyo. Nditalemba dandaulo, ofesi ija inalandira kalata yofunsa kuti fayilo ya munthuyu ili kuti, ndipo inapezeka. Sizinachitike msanga ayi, ndinadikira mpaka kutopa. Koma chimene ndinaona n'chakuti bwana amene sankafuna kundiyang'ana kumaso anayankha kalatayo, chifukwa inachokera kwa amene sangamunyalanyaze. Amake Tiyanjane, lembani. Ndiponso ku Katete kuno ndi kumene anayesera koyamba kupereka ndalama kwa okalamba onse a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndiye za ambuya kusowa pa ndandanda tinaziona kale. Amene ankakhala chete ankathera pomwepo.

A Banda a pa Kapata: Aphunzitsi, mwanena nokha kuti munadikira mpaka kutopa. Ambuyawa adya chiyani podikira? Ndipo ofesiyo ili ndi mano? Akapeza kuti bwana walakwa amamuchita chiyani?

Dalitso: Pa pepala ili nawo. Ikhoza kuitanitsa mboni ndi kulamula kuti zikalata zibweretsedwe, monga mmene High Court imachitira, ndipo ikhoza kupita ku khoti. Public Protector amasankhidwa ndi Pulezidenti koma nyumba ya malamulo iyenera kuvomereza, ndipo ayenera kukhala munthu woyenera kukhala jaji. Koma mu 2019, pa mlandu wa kampani yoyenga mafuta ya Indeni, Constitutional Court inagamula kuti ofesiyi si khoti, ndipo High Court ikhoza kuunikanso zimene yagamula. Ndiye bungwe lalikulu lokhala ndi maloya likhoza kukoka nkhani. Pa nkhani ya ambuya sindikuona ofesi ya m'boma ikuthamangira ku High Court chifukwa cha dzina limodzi.

Mayi Sakala: Funso la a Banda la chakudya ndi loona. N'chifukwa chake ndikuti zinthu ziyendere limodzi. A Jere angatiuze bwino, koma pulogalamuyi ili ndi njira yakeyake yolandirira madandaulo kudzera m'komiti ndi ku ofesi ya m'boma. Yambani pamenepo lerolero, mwa kalata. Ngakhale a Public Protector adzakufunsani ngati munayamba mwadandaula kwa eni ake ndipo anakuyankhani zotani. Kupita kwa a kansala sikuletsedwa, koma kusalowe m'malo mwa pepala.

A Jere a CWAC: Zoona, fomu ya madandaulo imakhalapo. Vuto anthu amaopa kuti akadandaula adzadedwa.

Amake Tiyanjane: Mantha amenewo ndi amene ali ndi amayi. Akuti mwanawe usakangane ndi boma, adzandifufutiratu. Usiku wathawu anandiimbira kuti ndingozisiya.

Wa M'kaundula: Auzeni amayi kuti mtima ukhale m'malo. Kunena zoona, alipo maofisala amene amasunga mkwiyo, sindingabise. Koma dzina limene lili ndi dandaulo lolembedwa ndi lovuta kulisewera, chifukwa aliyense amadziwa kuti pali wina amene adzafunsa. Limene limasowa mosavuta ndi la munthu amene sanasiye pepala lililonse. Kalata yanu ikhale yaulemu, musatukwane, musanene kuti akuba pamene mulibe umboni. Mupange makope awiri, imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha tsiku limene alandira. Akakana kudinda, lembani dzina la udindo wa amene mwamupatsa ndi tsikulo. Reji yeniyeni musasiye, musiye fotokope.

Amake Tiyanjane: Amayi salemba. Ndisaine ine?

Mayi Sakala: Lembani inu m'mawu awo, muwawerengere, iwo adinde chala. Pansi muonjezere mzere wonena kuti akukulolani inu, mwana wawo, kuwayendera nkhaniyi ndi kulandira mayankho. A mfumu kapena wina wa komiti asaine ngati mboni. Zimenezi zimatseka pakamwa aliyense wonena kuti ndinu wachibale chabe. M'kalata ya kwa Public Protector mufotokoze mwachidule kuti amayi ndani, anayamba liti kulandira, analeka liti, munapita ku ofesi iti, anakuuzani chiyani, ndipo mukufuna chiyani. Chomalizachi anthu amaiwala. Nenani poyera kuti mukufuna chifukwa cholembedwa, kukonza ngati pali cholakwika, ndalama zimene sanalandire ngati anachotsedwa molakwa, ndi kuti ndandanda ya pa khoma ichotsedwe. Chenjezo limodzi: mukapeza kuti dzina lilipobe koma wina ndi amene akutapa ndalamazo, umenewo ndi mlandu wa kuba. Public Protector safufuza milandu ya upandu kapena nkhani imene ili kale m'khoti. Pamenepo ndi apolisi kapena Anti-Corruption Commission.

A Mbewe a ku Mchinji: Ndikuwerenga kuchokera tsidya lino la Mwami. Kwathu ku Malawi lamulo lopempha zikalata za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo nalonso limayang'aniridwa ndi bungwe la ufulu wa anthu. Ombudsman wathu, amene ali ngati Public Protector wanu, anthu anayamba kumukhulupirira nthawi ya mayi Martha Chizuma, atafufuza za mathirakitala amene boma linagula ndi ngongole ya ku India. Koma ndikuuzeni, lamulo kukhalapo sikuti kalaliki wa pa windo wasintha. Mpaka lero ambiri amayankha kuti dikirani abwana.

Dalitso: Kuno n'chimodzimodzi a Mbewe. Bilu yoyamba inalowa m'nyumba ya malamulo mu 2002 n'kuchotsedwa. Maboma anasinthana akulonjeza, mpaka a Hichilema anasaina mu December 2023, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2024. Zaka zoposa 20 tikudikira. Tsopano ofesi iliyonse iyenera kukhala ndi ofisala wolandira mapempho amenewa. Mukafika funsani kuti information officer ndani. Ngakhale atakuyang'anani modabwa, mwawakumbutsa kuti ayenera kukhala naye.

A Banda a pa Kapata: Tsono ndifunse zanga. Lamulo limeneli likhoza kundionetsa za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu? Ndalama za dera lililonse zinakwera kuchoka pa K1.6 million kufika pa K25.7 million mu 2022 ndipo zakhala zikukwerabe. Kumudzi kwathu anakumba mjigo umene unauma mvula itangotha. Ndikufuna ndidziwe anapatsidwa ntchito ndani ndipo analipidwa zingati.

Mayi Sakala: Zimenezo ndiye zenizeni zimene lamuloli linabwerera. Kontrakiti ya mjigo ndi ndalama za anthu, mulibe matenda a munthu kapena reji ya ambuya. Lembani ku khonsolo ya kwanuko, tchulani mjigowo, mudzi ndi chaka, pemphani dzina la kampani, mtengo, ndi chikalata chosonyeza kuti ntchito inayenderedwa isanalipidwe. Mukapempha zonse za CDF kuyambira kale adzakuuzani kuti n'zambiri. Pemphani chinthu chimodzi chodziwika. A Ward Development Committee a kwanuko ayeneranso kukhala ndi zina mwa zimenezi. Akakana, apilo ku Human Rights Commission. Lamuloli lili ndi zina zimene limalola kubisa, monga za chitetezo cha dziko ndi zachinsinsi za munthu wina, koma mtengo wa mjigo suli m'gulu limenelo.

A Banda a pa Kapata: Ndiyesa. Koma ndikapeza kuti kampaniyo ndi ya m'bale wa wina wake, ndibwera nazo pano.

Woyang'anira Gulu: Mubwere ndi chikalata, a Banda, osati mphekesera. Dzina la kampani ndi mtengo tidzalola. Manambala a foni a anthu ayi.

A Jere a CWAC: Ine nkhani ya khoma ija yandikhala pamtima. Pa msonkhano wathu ukubwerawu ndikanena kuti powerenga maina tizitchula dzina ndi mudzi basi, gulu limene munthu walowera tisamatchule pa anthu. Koma pepala limabwera kuchokera ku ofesi lili ndi mizere yonse kale. Ife timangolandira n'kumata.

Wa M'kaundula: Limatuluka choncho mu kompyuta, chifukwa ndi pepala lomwelo limene olipira amagwiritsa ntchito potsimikiza munthu. Palibe amene anakhala pansi n'kupanga lina la pa khoma. Kuti lisinthe m'dziko lonse ndi nkhani ya ku likulu, ndipo dandaulo ngati la amake Tiyanjane likafika kwa Data Protection Commissioner ndi limene lingawakankhe. Koma inu a Jere simufunika kudikira Lusaka. Musanamate, pindani pepalalo kapena phimbani mizere ya reji, foni ndi gulu, mupange fotokope, mumate imeneyo. Lathunthulo lisungidwe ndi mlembi wa komiti, ndipo aliyense wofuna kuona mzere wake abwere ndi reji aone wake wokha.

A Jere a CWAC: Fotokope kwathu ili kutali, mpaka pa sukulu ya sekondale. Tidzalemba ndi dzanja maina okhaokha pa pepala lina, si ambiri. Nanga zakale zimene zili kale pa khoma la ku ofesi, tingang'ambe tokha?

Mayi Sakala: Musang'ambe, angakunamizireni kuti mwaononga katundu wa boma. Komiti yanu ilembe kalata yopempha kuti azichotse, ndipo amake Tiyanjane aike pempho lomwelo m'kalata yawo. Amake Tiyanjane, mukamaliza kulemba munditumizire ku inbox ndikuonereni musanapite nayo, koma nambala ya reji ya amayi muiphimbe potumiza.